Kodi tinalidi ofanana ku yunivesite?

Mwezi uno talandira makalata awiri ochokera kuno ku Mzuzu, ndipo onse akukamba za kusiyana kwa ophunzira olemera ndi osauka m'mayunivesite athu. Tawafupikitsa pang'ono, ndipo mayina sitinalembe monga anapemphera eni ake.

FUNSO LOYAMBA

Okondedwa Alangizi,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Katawa ndipo ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina mumzinda muno. Ndinakulira kumudzi m'boma la Rumphi, ndinaphunzira pa sekondale yoyendera, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndinasankhidwa kupita ku yunivesite ina ya boma. Ndinafika ndi sutikesi ya malume anga yomanga ndi chingwe, bulangeti limodzi ndi mathalauza awiri a pa kaunjika. Mnyamata amene anandiika naye m'chipinda chimodzi anabwera pa galimoto ya bambo ake, ali ndi ketulo yamagetsi, wailesi ya ma CD ndi foni ya m'manja, pa nthawi imene m'mudzi mwathu monse munalibe munthu wokhala ndi foni. Iye ndi anzake a m'tauni ankatchedwa ma yo, ife a kumudzi tinali ma tradi. Kunena zoona sanandinyozepo, koma Lachisanu likafika iwo n'kumakonzekera kupita kutauni, ine ndinkanama kuti ndili ndi asayimenti. Tsiku lina ndinatchula molakwika mawu ena a Chingerezi m'kalasi, anthu anaseka, ndipo semesita yonseyo sindinakwezenso mkono. Holide ikayandikira anzanga ankakambirana za kunyanja, pamene ine ndinkagona ndikuwerengera kumene ndipeze ndalama ya basi yopita kwathu.

Tsopano pa gulu la WhatsApp la kalasi lathu akukonza zoti tikakumane ku Chintheche kumapeto kwa chaka, aliyense asonkhe ndalama. Mmodzi mwa iwo analemba kuti, "Masiku amenewo tonse tinali ofanana, tinkadya nyemba zomwezo." Ambiri anavomereza mosangalala, koma ine mtima unandiwawa kwambiri moti sindinayankhe. Mayi a kunyumba akuti ndi kaduka chabe, ndiiwale popeza Mulungu anandidalitsa kale. Chaka chino mwana wanga woyamba, wamkazi, wasankhidwa kupita ku yunivesite. Kodi ndikulakwa kukumbukirabe zimenezi? Kodi tinalidi ofanana? Nanga mwanayu ndimuuze chiyani?

Bambo wa ku Katawa

YANKHO

Bambo, si kaduka ayi. M'kalata yanu yonse mulibe pamene mwafunira mnzanu wa m'chipinda choipa, ndipo mwamuchitira umboni nokha kuti sanakunyozeni. Chimene chakupwetekani n'chakuti katundu amene munasenza zaka zinayi, wina wamufufuta ndi chiganizo chimodzi pa foni, ndipo amene anavomereza sanadziwe n'komwe kuti pali chimene chafufutidwa. Mayi a kunyumba akulankhula chifukwa chokukondani, akufuna mtima wanu upume, koma ine sindikuona kuti kuiwala ndiko kungaupumitse.

Mnzanu amene analemba pa WhatsApp uja wanena theka la choonadi, ndipo theka limenelo tisalipeputse. M'zaka zimene mukunenazi, wophunzira wosankhidwa ndi boma ankagona m'hositelo, ankadya ku kafeteriya, ndipo kwa zaka zingapo ankalipira K25,000 pa chaka, pamene olowa mwa dongosolo lodzilipirira okha ankapereka K100,000 n'kudzipezeranso pogona ndi chakudya. Nyemba zinalidi zomwezo, ndipo dongosolo limenelo ndilo linathandiza ana ambiri a alimi ngati inu kumaliza digiri. Kusiyana kunali pa chimene nyembazo zinkatanthauza kwa aliyense. Kwa mnzanu zinali chakudya chimene akanatha kuchisiya tsiku limene zapserera, n'kupita kukagula tchipisi ndi nkhuku pa chiwaya. Kwa inu zinali chakudya chokhacho, ndipo mukachedwa pa mzere munkagona ndi njala. Anthu awiri akhoza kukhala pa benchi imodzi, mbale zofanana, koma wina akudya mwa kufuna kwake pamene winayo akudya chifukwa palibenso kwina kopita.

Mpata umenewu unayamba kale musanafike pa chipata cha yunivesite. Pamene boma la a Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana olembetsa sukulu anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, koma malo a ku sekondale sanakule mofanana. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirira a MCDE, sukulu ya boma ya maphunziro a patali, anasandutsidwa masekondale oyendera, amene lero timawatcha ma CDSS, ndipo ambiri anayamba opanda laibulale, opanda labotale, ali ndi aphunzitsi amene anaphunzitsidwa ntchito ya ku pulayimale. Mwana wa pa sukulu yotere ankalemba mayeso a MSCE ofanana ndi mwana wa ku Marymount, ku Chaminade kapena ku Phwezi, amene anagwirapo ziwiya za sayansi ndi manja ake ndiponso ankawerenga usiku pa magetsi. Kuti inu mupeze ma kirediti asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, ndi mapointi okwanira kusankhidwa, munachita chinthu chimene ambiri mwa anzanu a m'kalasi lija sanafunikire kuchita. Amene anaseka katchulidwe kanu anamva Chingerezi kuyambira ali makanda, ena ku St Andrew's ku Blantyre, ena ku Bishop Mackenzie ku Lilongwe, ena patebulo podya ndi makolo awo. Inu munachiphunzira m'buku limodzi logawana anthu angapo.

Mbiri ya Kamuzu Academy imaonetsa bwino mmene nkhaniyi inayendera m'dziko muno. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, ndipo poyamba inkatenga ana okhoza bwino kwambiri m'boma lililonse popanda kuona thumba la makolo, n'kumawaphunzitsa mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Mwana wa mlimi ankatha kulowamo wopanda nsapato zabwino n'kutulukamo akulankhula ngati mwana wa nduna. Ulamuliro utasintha mu 1994, ndiponso a Kamuzu Banda atamwalira mu 1997, sukuluyi inayamba kudalira fizi, ndipo ambiri mwa ophunzira ake anakhala ana a mabanja opeza bwino. M'badwo wanu ndiwo unafika ku yunivesite kusinthaku kuli pakati.

Kafukufuku wa Banki ya Dziko Lonse wokhudza zaka za m'ma 2000 anapeza kuti ophunzira oposa 90 mwa 100 aliwonse a m'sukulu za ukachenjede ku Malawi ankachokera m'gawo la mabanja opeza bwino kwambiri, tikagawa mabanja onse a m'dziko muno m'magawo asanu, pamene ochokera m'gawo losaukitsitsa sankafika ngakhale mmodzi pa 100. Tisaganize kuti onsewo anali ana a mabwana, chifukwa m'dziko losauka ngati lathu banja la mphunzitsi kapena namwino likhoza kuwerengedwa m'gawo lapamwambalo. Komabe chiwerengerochi chikusonyeza kuti munthu wochokera kumene munachokera inu anali mlendo weniweni pa malo amenewo, ndipo mmene munkamvera muja simunkalota.

Kuno kumpoto nkhani ya kusankhira ana ku yunivesite timaidziwa kwambiri kudzera mu kota, njira yogawa malo potengera boma limene mwana akuchokera, imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti linaithetsa mu 1993, inabweranso mu ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, ndipo inathetsedwanso mu 2020. Tinakangana zaka zambiri za boma limene mwana akuchokera, ndipo mkanganowo unali ndi zifukwa zake zomveka. Chimene chimandidandaulitsa ine n'chakuti pa nthawi yonseyi sitinafunse mokwanira za thumba limene mwanayo akuchokera. Mwana wa bwana wokulira ku Area 10 ku Lilongwe, amene kwawo kwa makolo ndi ku Rumphi, ankawerengedwa pamodzi ndi inu ngati anthu a boma limodzi, ngakhale kuti iye kumudziko ankangopitako pa maliro ndi pa Khirisimasi.

Palinso zinthu zimene ndalama inkagula koma sizinkaoneka m'chipinda. Mnzanu ankadziwa kuti mphunzitsi wa ku yunivesite akhoza kugogodedwa pa ofesi n'kufunsidwa chifukwa chimene wakupatsira malikisi ochepa, pamene inu munaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa. Nthawi yokaphunzira ntchito ikafika, iye bambo ake ankangoimba foni kwa mnzawo wakale, inu n'kumayenda ndi envulopu ya khaki ofesi ndi ofesi. Atamaliza, iye akanatha kukhala kwa makolo ake m'tauni chaka chathunthu akudikira ntchito yoyenera maphunziro ake, koma inu munayenera kulandira ntchito iliyonse yoyamba kupezeka chifukwa kumudzi kunali azing'ono anu ofuna fizi. Anthu amakonda kutseka nkhani imeneyi ndi mawu akuti zala sizilingana. Zala zinabadwa choncho, koma sukulu yopanda labotale inamangidwa ndi anthu, ndipo anthu akhoza kuikonza.

Nanga n'chifukwa chiyani mnzanu sakukumbukira? Sindikukhulupirira kuti akunama. Munthu amene sanasowepo ndalama ya basi sakumbukira tsiku limene basi inakwera mtengo, ndipo inu munabisa bwino kwambiri moti asayimenti ya Lachisanu ija anaikhulupirira. Tivomerezenso kuti mbali zonse zinali ndi zilonda zake. Ena mwa amene ankaoneka ngati ma yo anali ana a makalaliki amene ankabwereka nsapato kuti asatsalire, ndipo ma tradi nawo ankadziwa kunyoza, kutcha mnzawo wosalankhula bwino Chichewa kapena Chitumbuka mzungu wakuda. Izi sizikufafaniza zimene munakumana nazo, koma zikuthandizani kulankhula ndi anzanuwo ngati anthu, osati ngati gulu la adani.

Ku Chintheche pitani, ngati thumba likulola. Musayambe nkhaniyi pa WhatsApp, chifukwa pamenepo mawu amafupika ndipo anthu amathamangira kudziteteza. Mukakhala pansi maso ndi maso, nenani mofatsa zimene mwandiuza inezi, makamaka za Lachisanu ndi za ndalama ya basi. Mudzadabwa kuona kuti pa gulu lomwelo pali ena amene anakhala chete tsiku lija pa chifukwa chofanana ndi chanu. Ndipo popeza anthu akusonkha kale ndalama, pemphani kuti gawo lina lipite kwa wophunzira mmodzi kapena awiri ochokera ku CDSS amene ali m'dipatimenti yanu yakale, kudzera ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, kuti thandizolo lifike kwa wovutikadi popanda kumujambula zithunzi.

Ndikunena izi chifukwa wophunzira wosauka wa lero ali pa mavuto oposa anu. Cha m'ma 2015 boma linasiya dongosolo lakale lolipirira ophunzira osankhidwa, ndipo m'chaka chomwecho linakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira la HESLGB. Ngongoleyi yapulumutsa ambiri, koma siifikira onse ofunsira, ndipo ndalama yodyera imatha semesita isanathe, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kuphunzitsa mu 1999 pa malo a sukulu yakale ya aphunzitsi ku Luwinga, ili ndi ophunzira ochuluka kuposa malo ogona, choncho ambiri amachita lendi ku Luwinga ndi ku Area 1B, monga a ku Zomba amachitira ku Chikanda. Mukadutsa kumeneko madzulo a mwezi wa Juni, kuzizira kwa Mzuzu kutafika pachimake, mudzaona atsikana atazungulira mbaula imodzi pakhonde, mphika wa soya kapena bonya uli pamoto, wina akuwerenga manotsi pa foni yosweka galasi. Nyemba zija zimene mnzanu akuzikumbukira, zimene zinkakhazika olemera ndi osauka pa benchi imodzi, kwa ambiri kulibenso. Lero wopanda laputopu ndi bandulo ya intaneti amatsalira ngakhale ali ndi nzeru, ndipo izi zinaonekeratu pamene laibulale ya yunivesiteyi inapsa mu Disembala 2015, chifukwa wosauka ndiye ankadalira kwambiri mabuku a pa shelefu.

Mwana wanu muuzeni zonse, ndipo mumuuze inuyo, asadzamve kwa ena. Iye akupita ali mwana wa munthu wa pa ntchito, wokulira m'tauni, mwina ali ndi foni yabwino ndi laputopu, kotero kuti kwa mtsikana wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amene adzagone naye chipinda chimodzi, iyeyo ndiye adzakhale ngati mnyamata wa ketulo uja. Koma adzakumananso ndi ana obwera pa galimoto zawozawo, amene adzamuchititse kudziona wosauka. Muuzeni momveka ndalama imene mungathe kumutumizira pa mwezi ndi tsiku limene muzitumiza, kuti asamayerekeze zimene kulibe, ndipo mumutsimikizire kuti ikamuthera ayambe kuimbira inu kapena mayi ake asanapemphe kwa munthu wina aliyense. Muuzeninso za tsiku limene munasekedwa m'kalasi, kuti akadzamva ena akuseka mnzawo adzadziwe kuti wosekedwayo akhoza kukhala chete semesita yonse.

FUNSO LACHIWIRI

Okondedwa Alangizi,

Ndine mtsikana wa chaka chachiwiri pa yunivesite ina, ndipo kwathu ndi ku Chimaliro. Makolo anga amandipatsa zonse zofunika. Ndili ndi mnzanga wa m'kalasi wanzeru kwambiri, wochokera ku sekondale yoyendera, amene ndazindikira kuti masiku ena amadya kamodzi kokha, ndipo nthawi zina amayenda pansi mtunda wautali chifukwa alibe ya kabaza. Nditamupatsa ndalama pamaso pa anzathu anakana, ndipo kuyambira tsiku limenelo akundizemba. Ena akuti ndimadzimva. Ine ndimamukonda ndipo sindikufuna asiye sukulu. Ndichite bwanji?

Wophunzira wa ku Chimaliro

YANKHO

Mwanangu, mtima wako ndi wabwino, ndipo wachita bwino kuona chimene ambiri a msinkhu wako sachiona. Chimene chinavuta ndi malo amene unaperekera. Mnzakoyo wakhala akuyesetsa tsiku ndi tsiku kuti anthu amudziwe ngati wophunzira wanzeru, ndipo ndalama yoperekedwa pagulu inamusandutsa wopemphetsa pamaso pa anthu amene amapikisana nawo m'kalasi. Kalata ya bambo a ku Katawa ili pamwambayi uiwerenge kawiri, chifukwa ikukuuza zimene mnzakoyo sangakuuze.

Mupeze ali yekha, umupepese chifukwa cha mmene unachitira tsiku lija, ndipo usatchulenso za ndalama pa kukumana kumeneko. Pambuyo pake funafuna njira zothandizana zimene iyenso akuikapo kanthu. Wanena kuti ndi wanzeru kwambiri, choncho mupemphe kuti muziwerengera limodzi phunziro limene limakuvuta, ndipo powerengapo muziphika ndi kudya limodzi monga amachitira anthu ogwira ntchito imodzi. Laputopu yako akhoza kulemberapo asayimenti pa nthawi imene iwe sukuigwiritsa ntchito, ndipo intaneti ya pa foni yako mukhoza kugawana popanda mwambo uliwonse. Mukamapangana zokasangalala ndi anzanu, nthawi zina sankhani zinthu zosafuna ndalama, kuti asamakakamizike kupeka zifukwa zotsalira. Akakubweretsera mbatata, nthochi kapena mpunga wochokera kwawo, landira ndi manja awiri ndipo udye, chifukwa munthu amene mphatso yake yalandiridwa savutika kulandira ya mnzake.

Fizi ndi lendi ndi katundu woposa msinkhu wako, ndipo usayese kumusenza wekha ndi ndalama yako yodyera. Ubwenzi ukabwerera, mufunse ngati anafunsira ngongole ku HESLGB, chifukwa ena amalephera pa zinthu zazing'ono monga kusowa intaneti yolembera fomu kapena kuphonya tsiku lotsekera, ndipo pamenepo ukhoza kumuthandiza kwambiri. Mulimbikitse kukaonana ndi ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ndiponso abusa kapena ansembe a pa sukulupo, amene nthawi zambiri amadziwa mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino olipirira ophunzira ovutika. Ngati makolo ako angafune kuthandiza, ndalamayo ipite mwachindunji ku akaunti ya sukulu kapena kwa landilodi, iye atavomera, ndipo nkhaniyo ithere pakati pa inu.

Ukhalenso tcheru pa zinthu ziwiri. Njala ndiyo imakankhira atsikana ambiri m'manja mwa zidyamakanda zimene zimazungulira ndi galimoto pafupi ndi masukulu, choncho ukaona zizindikiro zotere ulankhule naye mwachikondi, osamuweruza. Ndipo ukaona kuti wasiya kubwera m'kalasi, akudzitsekera m'chipinda kapena akulankhula zotaya mtima, usadikire kuti zimutherere zokha. Uza mlangizi wa ophunzira tsiku lomwelo, kapena umuperekeze ku St John of God kuno ku Mzuzu, kumene kuli akatswiri a uphungu ndi thanzi la m'maganizo.